Atate ndi Ogulitsa Osayankha Moni

Ndinkasita malaya a atate oti ndilonge m'sutikesi pamene amayi Mwanaamina, aneba athu, analowa osaodira n'komwe, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Tamiwe, zimitsa ayironi! Tiye ku kiliniki ukaone zimene akuchita aphunzitsi, atate ako."

Chimwalirireni amayi anga, atate anangoti zii. Ku kiliniki anawalemba pa gulu la okalamba olimbitsa ubongo. Amawaveka chimagalasi chotseka maso, m'katimo munthu amadziona ali pamsika. Namwino amatchula zinthu zisanu ndi chimodzi, iwe uzikumbukire n'kuzitola nthawi isanathe. Milungu itatu yonse atate ankapeza ziro. Nditaona pepala la zotsatira zawo ndinapemphera, kenako ndinaimbira achimwene kuti nzeru za atate zatha, Loweruka adzawatengere ku Lusaka. Eniakewo sindinawauze.

Tinapeza nkhalamba zitagwira nthiti pamabenchi. Atate anali pakati, magalasi kumaso, chipewa m'manja, akuweramira kabati ya mankhwala.

"Mwaswera bwanji, mayi? Nanga ana kunyumba?" Anadikira. "Awanso chete. Kaya ndinawalakwira chiyani anthu a msika uno."

"Aphunzitsi, tolani tomato, nthawi ikutha!" anatero namwino, a Sesiliya.

"Sisitala, nditole katundu wa munthu asanandiyankhe moni? Ndine mbava ine?"

"Kapena mwaiwala zogula?"

"Tomato, sopo, kapenta, machesi, mafuta, nthochi. Za sabata yatha muzifunanso? Mchere, anyezi, makandulo..."

A Sesiliya anakhala pansi, dzanja pakamwa.

Amayi Mwanaamina ananyang'ama n'kukaima kuseri kwa kabati, nachepetsa mawu.

"Ndaswera bwino, aphunzitsi, kaya inu? Tomato ngwa lero, wochokera ku Chipangali!"

"Eyaa! Tsopano tafika kwa anthu. Koma mawuwa! A Mwanaamina, geni mwayamba liti?"

"Gulani, bambo, musanditsekere makasitomala!"

Manja a atate anayamba kuuluka m'malere. Apa atola, apo atola. Agogo ena anasanduka ogulitsa kapenta, ena a machesi, aliyense akukuwa moni wake. Pa nthochi atate anakakamira basela, mpaka agogo ena anawaponyera siwiti m'chipewa. Makina analira kuti ting'! Zonse zisanu ndi chimodzi, nthawi n'kutsalako.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Atate anaseka, kuseka kwawo kwakale kogwedeza mapewa, kumene ndinali ndisanakumve chichokereni kumanda.

Sindinadikire kuti avule magalasi. Ndinagwada pasimenti pomwepo, anthu onse akuona, ndinagwira dzanja lawo.

"Uyunso akugulitsa chiyani?" anafunsa atate.

"Ndine Tamiwe, atate. Ndinauza achimwene kuti nzeru zanu zatha, adzakutengeni Loweruka. Sindinakufunseni n'komwe. Ndikhululukireni, atate."