Timizere ta Nebert

Maliro a mwamuna wanga atatha, anthu atabalalika, ndinatsegula kompyuta. Kulira kunandikanika, ndiye ndikanatani?

Ine ndi mwamuna wanga Nebert tinkasaka magulu a nyenyezi pa zithunzi za mlalang'amba wina wapafupi, umene ukubereka nyenyezi ngati wina akuuthamangitsa. Aphunzitsi athu a kuyunivesite yakunja ankatumiza zithunzizo, ife n'kumaziunika pakhomo pathu ku Area 4. Mmodzi amazunguliza kamzere pa kadontho kamene akukaganizira kuti ndi gulu, winayo payekha amavomera kapena kukana. Kokanidwa kamafufutika. Nebert ankazunguliza, ine wovomerane ndinali m'mbuyo ndi miyezi itatu. Ulesi, eya, ndisaname.

Mndandanda wa magulu amene tinapeza unkafunika kwa aphunzitsi Lachisanu, dzina la Nebert lili pamwamba. Ndinkafuna likhalebe pomwepo, basi.

Zimene anazunguliza mu Juni ndinavomera zonse. Munthu uja anali ndi diso, abale inu. Panja wamakala ankakuwa, ine ndikungodina inde, inde, inde.

Za mu Julaye zinayamba kusokonekera. Apa wazunguliza nyenyezi imodzi yokha. Apo fumbi. Penapake mdima weniweni, popanda kanthu. Kuchipatala tinapita mu Seputembala, m'pamene madokotala anatiuza za chotupa cha m'mutu mwake.

Ndili pakompyutapo, mchemwali wake wa Nebert, Thoko, analowa ndi tiyi.

"Alamu, ntchito lero lomwe? Anthu aziti chiyani?"

"Azinena."

Anaima kumbuyo kwanga n'kuona kamzere kakuzimiririka. "Iii, si ta achimwene timeneti? Musatifufute chonde. N'zimene atisiyira."

"Ndikatisiya, aphunzitsi akaona kuti mndandandawu ndi wolakwika, autaya wonse. Ndi dzina lake lomwe."

Thoko anaika kapu patebulo n'kutuluka. Ndinapitiriza. Ayi. Ayi. Ayi. Mumtima munalibe chilichonse, chala chokha n'chimene chinkagwira ntchito. Tiyi anazizira.

Pansi pa chithunzi chilichonse pali kabokosi kolembera mnzako mawu. Nebert sankalembamo, ankati tikugona nyumba imodzi, makalata n'ngachiyani. Koma pa chithunzi cha pa 2 Ogasiti ndinapezamo mawu.

"Eveless, izi sindikuziona bwino. Ukafika pano undiuze ngati ndi chithunzi kapena ndi maso anga. Sindikufuna kukuopseza."

Chithunzicho chinali chowala bwino, nyenyezi iliyonse ikuonekera payokha. Anali atazunguliza malo anayi, onse opanda kanthu.

Ndinamuyankha m'kabokosimo: "Ndi chithunzi, Nebert."

Kenako ndinadina ayi, kanayi.