Dzungu Lachitatu

"Maungu onse ali mbwee m'shedi muja, iwe unangoona lomweli?"

"Linali lokongola kuposa onse, adadi."

"Ndikudziwa kuti linali lokongola. Analisankha ndine."

Linali Loweruka m'mawa, tsiku la chionetsero cha zaulimi cha m'tauni mwathu, ndipo dzungu lomwe timakanganiralo linali patebulo la kukhitchini, lodulidwa pamwamba, m'kati ndapalamo ndi sipuni mpaka mbee kuti ndiikemo maluwa a mpikisano. Kulibwezera mwakale kunali kosatheka, ngakhale adadi amaliyang'ana ngati akufunafuna njira.

Adadi amalima timaungu tofiirira tija tokwana m'manja awiri, ndipo kuchionetsero lamulo lake ndi lodziwika: atatu pambale, ofanana kukula, ofanana mtundu, onse ndi kapesi kake. Kuyambira Febuluwale ankawatembenuza m'munda kuti dzuwa liwombe mbali zonse, n'kumawayalira timatabwa pansi kuopa chinyezi. Atatu opambanawo anawaika padera pa saka, pafupi ndi windo. Ine nditalowa m'shedi Lachisanu madzulo n'kuona dzuwa likuwalira pa lapakatilo, sindinafunse kuti n'chifukwa chiyani ali paokha. Ndinangomva mumtima kuti dzunguli lakhala likundidikira.

Adadi anati zaka zisanu ndi chimodzi akhala akugonja kwa a Duggan a kutsidya kwa mtsinje, ndipo chaka chino, chaka chokhachi, anali atawapeza. Anati mwana wanzeru akanatenga chibade chilichonse. Anafunsa ngati maluwa anga amadziwa kusiyanitsa dzungu la mphoto ndi dzungu la nkhumba. Ndinayankha kuti maluwa mwina sadziwa koma woweruza amadziwa, ndipo apa mayi, omwe amakulunga makeke awo pakona, anatsokomola mondichenjeza.

Nkhani ya woweruzayo ndiyo inali pamtima panga, koma m'nyumbamo panalibe amene amaidziwa. Chaka chino gawo la maluwa amaweruza ndi Mayi Woolley, aja ali ndi shopu ya maluwa mumzinda wa Hobart, ndipo mwezi wa Meyi uliwonse amatenga mtsikana kapena mnyamata mmodzi woti amuphunzitse ntchito. Ine sukulu ndinamaliza mu Disembala. Kuchokera pamenepo ndakhala pamakwerero m'munda wa adadi kuthyola maapozi, thumba pachifuwa, maganizo ali kutali. Shopuyo ndinangoiona kamodzi tikudutsa pagalimoto, koma m'mutu mwanga ndinali nditaisesa kale kambirimbiri. Ndinkadziona nditavala epuloni yobiriwira, kabelu ka pachitseko kakulira, kukulowa mnyamata wamtali yemwe amabwera Lachisanu lililonse kudzagula maluwa osanena kuti ndi a yani, mpaka tsiku lina n'kuwasiya pakauntala osawatenga. Dzina ndinali ndisanamupezere, koma jekete lake ndimalidziwa bwino.

Adadi ndiye ankangoti chaka chamawa andiphunzitsa kudulira mitengo, chaka chinacho andisiyira mizere ya kumtunda ikhale yanga. Katatu konse ndinayesa kuwauza. Katatu konse tinathera kukamba za mvula.

Adadi anatuluka chitseko chikumenyetseka, ndipo ndinamva akugubuduza maungu m'shedi kufunafuna lachitatu lina. Nthawi inali itatha. Holo ya chionetsero amatseka 9 koloko, ukachedwa ndi mphindi imodzi azimayi a pakhomo aja sadziwa m'bale. Ndinathamangira kudimba la mayi ndi sizasi, mame akulowa m'nsapato, n'kudula chilichonse chomwe chisanu chinali chisanawaule: madaliya ofiira ngati vinyo, ena achikasu, timaluwa tofiirira ta m'mphepete mwa mpanda, nthambi ziwiri za mtengo wa apozi zokhala ndi masamba oyamba kufiira. Ndinathira madzi m'dzungumo n'kusomeka zonse nthawi imodzi.

Maluwa anagwera uku ndi uku ngati anthu otopa m'basi. Ndikadzutsa ili, linalo lagwa. Madzi anayamba kudontha pansi pomwe sipuni inapyola.

Adadi analowa atanyamula dzungu lopendekeka pang'ono, laling'ono kuposa anzake, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinkamva mpweya wawo.

"Ndiye wandiphera dzungu langa kuti uchite zimenezi?"

Sanadikire yankho. Anazula maluwa onse, n'kukhuthula madzi musinki, n'kutenga kabotolo ka jamu kopanda kanthu n'kukakhazika m'kati mwa dzungu. Anati dzungu limamwa madzi, pofika masana likanayamba kununkha holo yonse, ndipo anthu akanati mwana wa Kelvin Lovell sadziwa n'komwe dzungu. Anatuluka n'kubwera ndi kachidutswa ka waya wa khola la nkhuku, n'kukafinya m'manja n'kukalowetsa m'botolo. Ndinasomeka daliya mmodzi m'mabowo a wayawo. Anaima njo.

Ndinathokoza. Anati asandimve ndikuthokoza, sakundithandiza ine, akungolemekeza maliro a dzungu lawo. Kenako anafunsa kuti nthanga zili kuti. Ndinawalozera pa nyuzipepala pawindo pomwe ndinaziyanika, ndipo anaziyalayala bwino ndi chala, zomwe kwa adadi ndi kukhululuka kwa theka.

M'galimoto ndinakhala pakati, dzungu pamiyendo, masamba a apozi akundikanda kuchibwano. Adadi amazemba mabampu mosamala kwambiri, koma sindikudziwa ngati amachitira maluwa anga kapena mbale yawo yomwe mayi ananyamula. Tinalowa m'holo kutatsala mphindi zinayi.

Akamaweruza amatseka zitseko, nonse mumadikira panja. Maola awiri amenewo ndinawamva ngati chaka cha sukulu. Ndinazungulira makola a nkhosa, ndinaonerera amuna akupikisana kudula zipika ndi nkhwangwa, ndinagula soseji ya mu buledi n'kulephera kuidya. M'maganizo ndinali nditapambana kale, Mayi Woolley atandigwira dzanja misozi ili m'maso, akufunsa kuti ndinali kuti zaka zonsezi.

Zitseko zitatsegulidwa ndinapeza khadi lofiira patsogolo pa dzungu langa. Wachiwiri. La buluu linali kwa agogo ena omwe anaika timaluwa tisanu tokha m'kabichi.

Mayi Woolley anali chapomwepo, wamfupi, magalasi akulendewera pachingwe, zala zodzaza timabala. Misozi analibe. Nditadzitchula kuti ndine Tegan, mwini dzungu, anati ndadzaza maluwa ngati ndikuthawa moto, anati mapesi ndawaphwanya ndi sizasi yobuntha, ndipo daliya wachikasu uja akanatsala kudimba. Kenako anakhudza nthambi ya apozi n'kunena kuti iyi ndiye siphunzitsidwa, munthu amangobadwa akuiona. Anafunsa yemwe anaganiza za waya. Ndinati adadi. Anati ndiye bambo anga ali ndi nzeru kuposa ine, koma zimenezo zimakonzeka.

Mawu anatuluka okha, mothamanga, osapumira. Ndinawauza za sukulu, za makwerero, za shopu yawo, mwamwayi za mnyamata wa jekete ndinazimeza. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati ntchito yake ndi kutsuka ndowa m'madzi ozizira ndi kusesa minga, miyezi itatu ndisanakhudze duwa la kasitomala. Ndinati ndowa ndimazikonda. Anaseka, n'kunena kuti ndikafike Lolemba loyamba la Meyi adzandiyese sabata ziwiri.

"Koma bambo ako a waya aja akudziwa?"

Ndinati sindinawauze.

"Ukawauze lero. Ine ana othawa kwawo sindilemba."

Adadi ndinawapeza kumapeto kwa holo, patebulo la ndiwo zamasamba, manja m'matumba. Mbale ya a Duggan inali ndi khadi la buluu. Pa yawo panali kapepala kolembedwa ndi pensulo kuti awiri ndi abwino zedi, lachitatu lachepa. A Duggan eni ake anali atangodutsa kumene kudzawapepesa mokweza, akufunsa ngati lachitatulo linadwala lili laling'ono.

Ndinaima pambali pawo. Anati amva kuti ndapeza lofiira. Ndinavomera. Anati apita kukaliona, ndipo dzungu likuoneka bwino, kungoti maluwa akulitchinga. Tinayang'ana maungu awiri okongola ndi mnzawo wopendekeka. Ndinamva nkhani ya mvula ikukwera kukhosi, ndipo kunjako kunalidi mitambo yoti munthu n'kuikamba.

"Tegan," anatero osandiyang'ana, "iwe chionetsero sunachilabadirepo chibadwire. Chaka chatha unakhala m'galimoto ndi buku. Lero wandidulira dzungu, wathyola dimba la amayi ako, soseji wapatsa galu wa eni ake. Ukufuna chiyani, mwana iwe?"

Ndinachotsa kapepala ka pensulo kaja pambale, n'kukapinda, n'kukapindanso.

"Ndikufuna kupita ku Hobart, adadi. Kwa Mayi Woolley, kukaphunzira za maluwa. Maapozi ndithyola nanu mpaka mzere womaliza, koma Meyi akangoyamba ndikufuna kupita."