Penti Wachikasu

Bambo ake a telala, aphunzitsi opuma ntchito, ankayembekezeka kutuluka m'chipatala dzanja lamanja litafa ndi sitiroko, maso nawonso akungoona mbuu. Kukhala okha sakanathanso, choncho telala anatulutsa makina ake m'chipinda chosokera n'kuikamo bedi. Dokotala anamuuza mosabisa mawu kuti bambowo akangotaya mtima n'kusiya kugwiritsa ntchito dzanja lotsalalo, pabedipo sadzadzukanso. Telala ankadziwa chinthu chimodzi chokha chimene chikanawatambasulitsa dzanja: mabuku awo, amene anali atadzaza makatoni pakhonde. Anaganiza zowakhomera mashelefu m'chipindamo.

Mwamuna wake anali kalipentala, wa aja oyankha asanafunsidwe. Kogulitsa matabwa awiriwo anakangana ngati akusankha dzina la mwana. Telala ankafuna bolodi, thabwa lija la utuchi womata, poti n'losalala.

"Bolodi? Ndi mabuku a apongozi aja? Lipinda msana mwezi usanathe," anatero kalipentala.

Bulugamu amene analipo anali wosauma bwino, ndiye anatenga payini, kalipentala akusuzumira thabwa lililonse ndi diso limodzi ngati mlenje. Pa penti pokha telala sanalole kutsutsidwa. Anasankha wachikasu, mtundu umene bambo ake ankauzindikirabe, wamafuta, wonyezimira, kuti mashelefu aziwaitana ali pakhomo.

Mashelefuwo anatuluka okongola, bodza ayi. Koma payini anamwa penti woyamba, chikasu chija chikuoneka chofooka.

"Onjezerani, bambo a ana. Apa saona kanthu."

Kalipentala anapakanso, mawa lake n'kupakanso mochindikala, wapansi asanaume. Inali nthawi yamvula, m'chipindamo mukununkha chinyontho. Atagusa ndi chala n'kuona kuti sichikumata, anadziguguda pachifuwa kuti ntchito yatha. Telala anasanja mabuku onse, mothinana, monga ankakhalira kunyumba kwa bambo ake.

M'mawa wa tsiku lokawatenga, anafuna kusuntha buku limodzi. Silinasunthe. Anayesa lina, linanso, onse anali atamira m'penti kunsi kwake ngati anamera pomwepo. Analowetsa mpeni pansi pa limodzi, chikuto chinang'ambika, m'mphepete mwa masamba mutatsalira pathabwa.

"Unauma pamwamba pokha," anatero kalipentala, mawu atachepa. Anangokanda m'mutu.

Telala ankafuna kumukalipira, koma amene ankati onjezerani anali ndani? Galimoto yokawatengera bambowo inali itafika kale panja. Ananyamuka mtima uli m'mwamba, akupemphera kuti bambo ake afike otopa, angogona.

Sanagone. Atangowalowetsa m'chipinda, mmodzi uku wina uku, anaima n'kutembenukira kukhoma. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inamwetulira.

"Chikasu," anatero movutikira. "Mabuku anga?"

"Ndi anu, bambo. Koma pumulani kaye."

Munthu wake ameneyo sanapumulepo chifukwa chouzidwa ndi mwana. Anawakoka onse awiri mpaka pashelefu, n'kuyendetsa zala zakumanzere pamisana ya mabuku, akuwadziwa ndi khungu lokha. Anaima pa lina lalikulu, lokutha m'makona, n'kukoka. Anakokanso, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Anayesa kabuku kakang'ono kapambali pake. Nakonso phee.

Anabweza dzanjalo n'kuliyandikitsa kumaso, akulitembenuza.

"Ili nalonso lapita."

"Ayi, bambo, si dzanja lanu. Ndi penti. Tinapaka wambiri, mabuku amatirira. Onani, inenso ndikulephera."

Telala anakoka ndi manja onse awiri, shelefu yonse inagwedezeka. Kalipentala naye anagwada, akulumbira kuti vuto ndi lake, kuti apala matabwa onsewo ayambirenso. Telala anatola buku long'ambika lija n'kuwaikira bambo ake m'dzanja kuti amve okha pamene panamata.

Bambowo sanalifumbate, linagwera pansi. Anali atagona m'chipatala nthawi yokwanira kudziwa mmene anthu athanzi amalankhulira ndi wodwala.

"Ndinakulera wosanama, mwana wanga," anatero mofatsa. "Usayambire pa ine. Ndigonekeni."

Anawagoneka. Telala atabwera ndi kapu ya madzi n'kuwapatsira kumanzere, dzanjalo linangokhala pabulangete.

"Undimwetse," anatero, n'kutsegula pakamwa.