Msozi Umene Unachedwa

Maso a Ezelina anayamba kuuma kalekale, mwamuna wake Kalekeni asanadwale n'komwe. Nyengo yosankha fodya ikafika, iye ankakhala m'chigafa kuyambira m'mawa, fumbi la masamba ouma lili kobo. Pofika masana m'maso munkakhala ngati mwathiridwa mchenga. Kukamwa nako kunkauma, moti chimanga chokazinga sankachimeza popanda madzi. Ankangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza ntchito. Kwa Chulu munthu wodandaula fumbi la fodya amatchedwa mlesi, ndiye ndani akanapita kuchipatala ndi nkhani yotere?

Kalekeni anamwalira fodya ali pakati pomangidwa m'mabelo. Anasiya Ezelina pa chitengwa, m'mudzi mwa abale a mwamuna, ndi ana awiri aang'ono. M'nyumba ya siwa mayiyu analira mpaka mawu kusasa, koma m'masaya munali mouma gwa, mopanda ndi msozi umodzi womwe. Amayi amene anakhala naye pamphasa anayamba kukodolana. Paja pamaliro anthu salira ndi maso onse awiri, lina limakhala likuyang'ana namfedwa.

Perpetua, mlongo wake wamkulu wa malemuyo, sananong'one n'komwe.

"Tawaonani alamu angawo," anatero pakati pa amayi ophika. "Kukuwa kokha, misozi ili kuti? Munthu wotaya mwamuna angakhale chonchi? Akudziwapo kanthu pa imfa imeneyi. Tikangometa, anyamule zawo azipita kwawo, ana atisiyire."

Mawuwa anawamva Fainala, mnzake wa Ezelina wa nyumba yoyandikana. M'mawa wa tsiku loika maliro anamutengera kuseri kwa nyumba ngati akumuperekeza kukasamba.

"Anzanga, anthu akukunenani," anatero Fainala, akumasula kabotolo pa mfundo ya chitenje. "Tsinani kafodya ka mphunoka, muike m'maso. Misozi ibwera yokha."

"Ine mtima ukuwawa zoona, mayi Fainala. Ndinamize anthu pa chinthu choona?"

"Mtima amauona ndani? Anthu amaona masaya. Kodi mukufuna akulandeni ana?"

Fainala sanali munthu woipa, ankangoganiza kuti akupulumutsa mnzake. Ezelina anayang'ana ana ake atakhala pakhonde, ovala malaya opindirira a bambo awo, ndipo anatsina fodyayo. Fodya wa mphuno amasakaniza ndi chidulo, ndiye atangofika m'maso munayaka moto. Maso anafiira psu, zikope zinatupa, koma madzi amene anatuluka sakananyowetsa ngakhale nsonga ya chala. Kumanda anapita atafunda chitenje kumutu, akumugwira mkono, ndipo bokosi la mwamuna wake likutsika sanalione.

Tsiku lotsatira diso lamanzere linakana kutseguka, likuchucha mafinya. Fainala anathyola masamba kudambo, nawafinyira m'disomo kuti azizire, koma ululu unangokula. Kuchipatala kunali kosapitika, pakuti namfedwa satuluka m'mudzi asanamete. Ezelina anakhala pamphasa ya siwa akudikira mwambo, diso likudyeka, ndipo akabuula anthu ankati akulira mwamuna.

Atameta, Perpetua yemweyo ndiye anamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala ku boma. Sichinali chifundo ayi, ankangoopa kuti anthu angamunene kuti wathamangitsa wodwala.

Dokotala wa maso, a Sankhani, anawalitsa katochi m'maso mwa Ezelina.

"Mayi, munaikamo chiyani m'disomu?"

Ezelina anafotokoza zonse mwamanyazi, za fodya ndi za masamba, Perpetua ali pomwepo pabenchi.

"Nanga maliro asanachitike, mukasenda anyezi misozi inkatuluka?"

"Ayi, adokotala. Papita zaka."

"Kukamwa kumauma?"

"Kwambiri."

A Sankhani anatembenukira kwa Perpetua. "Amayi, alamu anuwa ali ndi matenda ouma maso. Diso lililonse limapanga madzi akeake olinyowetsa. Kwa anthu ena madziwo amachepa chifukwa cha ukalamba kapena matenda a m'thupi amene amaumitsanso kukamwa, ndipo fumbi, utsi ndi mphepo zimangowonjezera vutolo. Zikafika poipa, munthu amalira mtima ukusweka koma msozi osatuluka."

"Ndiye kuti sanali kunamizira?" anafunsa Perpetua, mawu atatsika.

"Akananamizira, bwenzi atadziwotcha diso kuti mukhulupirire?"

Perpetua anayang'ana pansi. Dokotala anapitiriza kunena kuti diso louma silichedwa kuchita bala, ndipo fodya ndi masamba aja anasiya chilonda chachikulu pakati penipeni pa diso lamanzere. Chilondacho chidzapola ndi mankhwala, koma chipsera chake sichidzachoka. Anati akanabwera tsiku lomwelo, mwina akanalipulumutsa.

"Lamanjali tilisamale kwambiri," anatero a Sankhani. "Ndikupatsani madontho onyowetsa maso. Akapanda kukwanira, pali njira ina. Pangodya ya chikope chilichonse, pafupi ndi mphuno, pali kabowo kamene misozi imatsikira kupita m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira amatulukanso chimfine. Madokotala amatha kutseka timabowo timeneti ndi kachitsekero kochepa kuposa njere ya mpunga, kuti timadzi tochepa timene diso lapanga tizikhalitsa pamenepo. Sachita kung'amba, ndipo sizitenga nthawi. Koma sangaike kachitsekeroka chilonda chisanapole, komanso kakagwa kapena diso likayamba kufiira muyenera kubweranso."

Atabwerera kumudzi Perpetua anapeza katundu wa Ezelina ali womangamanga pakhonde monga analamulira yekha. Anamasula mtolowo ndi manja ake, nabwezera mapoto ndi mabulangete m'nyumba. Koma madzi akatayika saoleka. Diso lamanzere linapola ndi chipsera choyera, ndipo linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ezelina, amene kale alimi ankamulimbirana chifukwa chodziwa kusiyanitsa mitundu ya fodya, anasiya kulowa m'chigafa. Fainala naye ankazemba njira yodutsa pakhomo pake, mpaka Ezelina anachita kumuitana yekha kuti adzamuthandize kutong'ola chimanga.

Madontho okha sanakwanire, choncho a Sankhani anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anakamuika tizitsekero tija. Mchenga wa m'maso uja unachepa, ndipo kwa nthawi yoyamba patapita zaka ankatha kuyenda pamphepo osatsinzina.

Chaka chotsatira, fodya atagulitsidwa, abale anamanga chiliza pa manda a Kalekeni. Amayi amvano atayambitsa nyimbo imene malemuyo ankaikonda, Ezelina anagwada nagwira simenti yatsopanoyo. Analira chamumtima, osayembekezera kanthu. Kenaka anamva kunyowa m'diso lamanja. Timadzi tochepa tija, posowa kotsikira, tinadzaza chikope n'kusefukira. Msozi umodzi wokha unatsika pang'onopang'ono patsaya.

Perpetua, amene anagwada pambali pake, anauona. Misozi yake inali mbwembwembwe, ndipo anakweza nsonga ya chitenje kuti amupukute mlamu wakeyo. Ezelina anamugwira dzanja.

"Usiyeni, alamu," anatero. "Ndi wa Kalekeni umenewu. Wachedwa kale, ufike pansi."

Phunziro: Maso oyabwa, owotcha kapena omveka ngati muli mchenga kwa nthawi yaitali ndi matenda, ndipo kuchipatala kuli chithandizo chake, kuyambira madontho mpaka tizitsekero tosunga misozi. Musaike fodya, masamba kapena china chilichonse m'maso. Diso likavulala pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mwambo udzakupezani mutabwerako. Ndipo pamaliro tisamayeze chisoni cha mnzathu poyang'ana masaya ake.