Chigayo cha a Nasoro Chikazima

Sabata imeneyo, mu Kachere monse, Tionge yekha ndiye amapempherera kuti magetsi azime. Koma magetsiwo, ngati akudziwa, anakana kuphethira ngakhale kamodzi.

Nkhani yake inali ya achemwali ake, a Magdalene. Chithokomiro chawo chinali chitakula mpaka kumawatsamwitsa akagona chagada, ndipo adokotala anali atanena kuti akagonekedwe m'chipatala Lachisanu isanakwane 3 koloko masana, opaleshoni Lolemba. Anawauzanso mosabisa kuti za moyo asade nkhawa kwenikweni, koma mawu ndiwo sangalonjeze: ena amadzuka nawo bwinobwino, ena amatsala ndi mawu osasa mpaka kalekale. A Magdalene, amene anatsogolera kwaya ku Chilomoni zaka khumi ndi zinayi, sanalire. Anangoimbira foni mng'ono wawo n'kumufunsa ngati tizitsulo take tija tinayamba kugwira ntchito, chifukwa panali nyimbo imodzi yopeka okha imene amafuna kuti itsale.

Tizitsuloto ndiye inali situdiyo ya Tionge, m'kachipinda kosungiramo katundu. Munali laputopu yakale yogula pa kashopu kokonza mafoni ku Limbe, batire lake losapitirira mphindi makumi awiri. Munali maikolofoni yolumikiza ku laputopu komweko, yomangirira ndi mphira ku mtengo wa mopu, mtengowo atauzika m'ndowa ya mchenga. Kutsogolo kwake anapachika kasefa ka tiyi atakaveka sokosi, kuti mpweya wa woimba usamaphulikire m'maikolofoni. Zonsezi anaziphunzira pa foni, mwana ali kubere. Mwamuna wake, Jailos, asanapite ku ulendo wa lole ku Beira, anamata mathireyi a mazira khoma lonse, n'kunena kuti masitudiyo enieni amatero. Chimene mathireyiwo anabweretsa ndi mphemvu basi. Tionge anawaphimba ndi mabulangete, ndipo m'pamene mawu anasiya kubwerera ngati akuyankhulira m'mgolo.

Koma chigayo cha a Nasoro, chimene chinali kuseri kwa mpanda, bulangete sichimalidziwa.

Lachiwiri a Magdalene anaimba nyimbo yonse, bwino lomwe. Tionge atavala mahedifoni kuti amve zimene wajambula, anapeza pansi pa mawu a achemwali ake pali lole yosazima. Anatseka mipata ya zenera ndi zovala za mwana, anaimika matiresi pachitseko. Palibe chinasintha. Phokosolo silimalowera pazenera ayi, limabwera ndi nthaka, moti madzi a m'kapu pa tebulo amanjenjemera okha. Ndipo chigayocho chikangozima madzulo, shabini ya kumtunda imalandira pomwepo ndi sipikala yake.

Lachitatu anakulunga laputopu m'chitenje, mwana wake Ndaziona kumsana, mtengo wa mopu m'manja, n'kukwera maminibasi atatu mpaka ku tchalitchi cha ku Chilomoni. Kondakitala wina anamufunsa ngati akupita kokakolopa kumwamba. M'tchalitchimo munali bata ndithu, koma liwu lililonse limapita kukhoma n'kubwerako kawiri, a Magdalene mmodzi kumveka ngati amayi atatu osagwirizana. Asanaganize chochita, akalipentala anafika kudzakhoma mabenchi. Kwa a Magdalene kunyumba sikunali kotheka n'komwe: kachipinda kawo kanayang'ana pa siteji, pamene oitanira amakuwa kuyambira mbandakucha.

Ndiye panatsala magetsi. Akazima, chigayo chizima, makina a wowotcherera zitsulo wa pafupi nawonso azima, ndipo batire lija likwanira nyimbo imodzi. Lachinayi a Magdalene anafika m'mawa ndi fulasiki ya madzi ofunda, awiriwo n'kukhala pansi kumayang'ana babu imene Tionge anaisiya dala yoyaka. Tionge samakhazikika. Amati akachape, n'kusiya zovala m'beseni. Amati aphike, n'kubwerera kukaona ngati laputopu yadzaza. Anasesa pakhonde katatu. A Magdalene amamuseka kuti kuyambira ali mwana anali chonchi, nkhuku yofuna poikira.

Babu inayaka tsiku lonse. Itakwana 4 koloko a Magdalene anaimirira, anakonza mpango umene amabisira khosi, n'kunena kuti basi, mwina Mulungu anamva kokwanira m'zaka khumi ndi zinayi zija. Ananena moseka, koma potuluka anasisita kasefa kaja ndi chala.

Tionge atawaperekeza sanabwerere kunyumba. Anapita molunjika kuchigayo.

Anapeza mzere wa amayi wafika kumsewu, popeza inali Juni, chimanga chatsopano chili ponseponse. A Nasoro anali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze. Tionge anawakuwira m'khutu nkhani yonse, n'kupempha theka la ola lokha. Bamboyo anamvetsera ndithu, anapepesa za matendawo, kenako analoza mzere uja ndi chibwano. Anati amayiwa ena achokera ku Nkolokoti wapansi, ana akudikira. Akazimitsa chigayo chifukwa cha nyimbo, wogayidwa akhala iwowo. Mawanso chimodzimodzi.

Ali m'njira kubwerera, m'maso mukutentha, anamva mapazi kumbuyo. Anali a Kulusumu, akazi a a Nasoro, amene amakhala pakhomo pa chigayo kuyeza chimanga m'ndowa.

"Aneba, kodi Lachisanu masana mumakhala kuti?"

Tionge anayankha kuti ku Limbe. Lachisanu ndi tsiku lotsegula mabelo, amalawirira kukapikula zovala za ana zimene amagulitsa, ndipo amabwerako dzuwa litapendeka. Zaka zitatu zonse chisamukire ku Kachere.

A Kulusumu anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati nanga anthu mumakhala bwanji ndi anzanu osadziwa tsiku lawo? Lachisanu lililonse 12 koloko ikangokwana bambo amazimitsa, amasamba, amavala mkanjo, ulendo ku mzikiti. Wowotcherera zitsulo uja amapita nawo limodzi. Kubwerako ndi cha m'ma 1 koloko kutapitirira pang'ono. Anangomuchenjeza kuti adikire kaye azana, kuitanira anthu kumapemphero kuja, ithe pa sipikala ya mzikiti, kenako ola lonselo ndi lake.

M'mawa wa Lachisanu Tionge sanapite ku mabelo. Anauza achemwali ake kuti abwere ndi chikwama cha kuchipatala chomwe, anyamuke 10 koloko. Koma a Magdalene anachedwa ndi alendo: amayi a kwaya anabwera kudzawapempherera, ndipo munthu sungathamangitse pemphero. Itakwana 11 anali asanatuluke. Hafu pasiti anali m'minibasi mu Blantyre, ikudikira kudzaza.

Chigayo chinazima 12 itangopitirira. Tionge anamva ngati wina wamutula mtolo umene samadziwa kuti wasenza. Azana inamveka, inatha. Kenako m'mahedifoni munayamba kutuluka zinthu zimene anali asanazimvepo: wotchi ya pabalaza, mpopi wodontha, tambala wa eni nyumba. Anachotsa batire la wotchi. Anamanga chiguduli kumpopi. Tambala anamuthamangitsa kuzungulira bafa kawiri, n'kumuvindikira ndi dengu, pamwamba chitenje. Ndaziona ataona mpikisanowo anayamba kukuwa mokondwa, ndipo a Kulusumu anatulukira pa mpanda, anatambasula manja n'kumutenga mwanayo.

Foni inalira. Anali a Magdalene: ali pa Chichiri, magalimoto sakuyenda.

Tionge anatuluka kumsewu, anabwerera, anayesa maikolofoni, anatulukanso. Bata lonselo limangotayika ngati madzi a pampopi wopanda ndowa. Anawaimbira kuti akafika ku Limbe asadikire minibasi ina, akwere njinga yamoto. A Magdalene anati iwo chibadwire sanakwerepo chinthu chimenecho. Tionge anati lero akwera.

Anafika kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 1 koloko, mpango uli pambali, chikwama pachifuwa, akutukwana wanjingayo mwaulemu. Tionge anawamwetsa madzi ofunda, n'kuwaimika kutsogolo kwa kasefa.

Ulendo woyamba mawu anathyoka pa vesi loyamba lomwe, mpweya unali usanabwerere. Ulendo wachiwiri anaimba mpaka pakati, pamene nyimbo imakwera, ndipo Tionge anaona timizere ta pa laputopu tafiira, mawu aphwanyika ngati wailesi yakutha mabatire. Cholakwa chinali chake. Masiku onsewa amakweza maikolofoni kuti ipose chigayo, ndipo lero anaiwala kutsitsa. Anaitsitsa, anawabweza achemwali ake m'mbuyo pang'ono, kutalika kwa chikhatho chimodzi.

"Achemwali, kamodzi kokha katsala."

"Ndiye usandiyang'ane ndi maso amenewo, iwe. Yang'ana uko."

Tionge anatembenukira kuzenera. Nyimbo inayamba, ya mayi wowoloka Mudi mvula itagwa, mwana kumsana, akuuza madzi kuti adikire. Inali ndi mavesi atatu. Mawuwo amalowa m'mahedifoni oyera, opanda kanthu pansi pake, moti amamva ngakhale pamene lilime likuchoka kumano.

Vesi lachiwiri lili mkati, anamva zokambirana za abambo kumsewu. Anapatula bulangete pang'ono ndi chala. Mikanjo yoyera imabwera m'magulumagulu. A Nasoro anali kale pakhomo pa chigayo, ndipo amayi a pamzere anali ataimirira, akukokera matumba awo kutsogolo. Tionge anawerenga mumtima: vesi limodzi ndi theka, mphindi ziwiri. Sakanatha kutuluka, sakanatha kukuwa. Anangoluma mlomo.

A Nasoro anafika pa loko, kenako anaima, mutu atapendeketsa. Mawu a a Magdalene amadutsa mpanda, ochepa koma omveka. Bamboyo anapisa dzanja m'thumba la kumanja. Analitulutsa lopanda kanthu. Anapisa la kumanzere. Anavula chipewa n'kusuzumiramo. Mayi wina anayamba kudandaula, ndipo iwo anamuyankha ndi manja kuti kiyi, kiyi wasowa. Anayang'ana pansi, anasuntha mwala ndi phazi, anabwereranso kuthumba loyamba lija. Kiyiyo Tionge amamuona bwinobwino, akulendewera pa chingwe m'khosi mwawo, pamwamba pa mkanjo.

Liwu lomaliza linatalika, linaonda, linatha. Tionge anawerenga mpaka katatu, anadina, anasunga, anasunganso kachiwiri pa dzina lina. Kenako anakankha zenera.

"Mwatha, aneba?" anafunsa a Nasoro.

"Tatha, bambo."

"Nayenso kiyi wapezeka."

Nthaka inayambanso kunjenjemera. Tionge anathira nyimboyo mu foni, anakatenga Ndaziona, anavundukula tambala, ndipo anathamangira ku siteji, chikwama cha odwala chili pamutu pake. Nthawi yomvera inapezeka m'minibasi, atadutsa Limbe. Anawapatsa achemwali ake kachingwe kamodzi ka m'khutu, kena n'kuvala yekha.

A Magdalene anamvetsera maso ali pa msana wa mpando wakutsogolo, dzanja lili pa mpango. Anali asanadzimvepo chibadwire. Pa vesi lachiwiri ananena motsitsa kuti apa anapuma molakwika, akanakhala wa kwaya akanamubweza. Tionge anati abwereza akatuluka.

Minibasi inaimanso pa Chichiri. Tionge anayang'ana nthawi, 2 koloko itapitirira, n'kuyamba kugwedeza bondo. A Magdalene anaika dzanja pa bondolo kuti likhale bata.

"Lolemba ubwere nayo foniyi. Ndikadzuka n'kuona kuti sindikuyankhula, usandifunse mafunso. Ungondiika kachingweka m'khutu."

Kenako anadina okha kuti iyambirenso.