Swichi Inali Pamwamba

Nkhaniyi anandiuza ndi dalaivala wa lole amene anandinyamula ulendo wina. Akuti mmisiri wamagetsi, wamtali ngati mlongoti, anakaikira mayi ake sola. Panelo anakhoma padenga, batire n'kubisa kuseri kwa kabati, koma swichi anaika pomwe dzanja lake linkafika. Babu litayaka anafunsa, "Mwaona, amayi?"

"Ndaona, mwanangu. Wagwira ntchito."

Mmisiriyo anathimitsa, n'kunyamuka. Atabweranso kumaliro a mayi akewo, anapeza swichi ili mbee, khoma lakubedi lili bii ndi mwaye wa nyali. M'pamene anakumbukira kuti msana wa mayi ake unapindika kalekale. Anangokhala pansi, mutu uli m'manja.

Koma ine ndimakayika. Nyumba yonseyo inalibe ndodo yotosera swichi?