Diso la a Mawotchi

Mukanafunsa aliyense mumsewu umenewo kuti munthu waukhondo kuposa onse ndani, akanakulozerani kashopu kapansi pa masitepe, pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ometera tsitsi. Mmenemo ndi mmene ankagwirira ntchito a Mawotchi. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Zaka makumi atatu zokonza mawotchi zinawapatsa lina, ndipo ngakhale akazi awo akakwiya ankawaitana lomwelo. Patebulo pawo fumbi silinkagona, ndipo kasitomala akayetsemulira pafupi ankamuyang'ana ngati waba.

Ankamuyang'ana ndi diso limodzi, chifukwa lakumanzere linali lopanga. Zaka zitatu m'mbuyomo sipuling'i ya wotchi yapakhoma inafwamphuka n'kuwalasa, madokotala n'kuchotsa disolo. Lopangalo linali lokongola, lofanana ndi linzake mpaka timitsempha tofiira. Tsiku lowaika anawapatsa pepala la malangizo, n'kuwauza kuti azibwera chaka chilichonse kudzalipolishitsa. A Mawotchi anaseka mumtima. Iwo, munthu amene anapolisha magalasi a mawotchi osawerengeka, akapolishitse kwa wina? Pepalalo analipinda kanayi n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera, ndipo kunena zoona linagwira ntchito bwino pamenepo.

Ndiye disolo ankalisamala monga ankadziwira. M'mawa, masana ndi madzulo ankalitulutsa, kuliviika m'sipiriti wotsukira makina, kenako kulikwecha ndi mankhwala otsukira mano, momwe amachitira okonza mawotchi galasi likakalika. Akatero ankaliuzira mpweya kuti haa, kulipukuta ndi kansalu komwe kaja kopukutira mawotchi a anthu, n'kulibwezera. Ankadzitama nazo, osati pang'ono.

Koma chaka chino disolo linayamba kuwabwezera chipongwe. Kunayamba kuyabwa, kenako manthongo achikasu omata zikope m'mawa uliwonse, chikope cham'munsi chili psuu. A Mawotchi anaganiza kuti achepetsa ukhondo, ndiye anawonjezera: kanayi patsiku, kenako kasanu. Akazi awo anayankhula mpaka kukhosi kuuma, iwo n'kumangoti, "Mayi, za makina tisiyireni ife."

Amene anawagonjetsa anali mwana wawo wamkazi, mzime, yemwe anali woyembekezera ndipo masiku ake anali atatsala pang'ono. Tsiku lina masana analowa mushopumo akupuma mwawefuwefu, n'kupeza bambo ake atakulunga wotchi yapakhoma m'thaulo, akuinyamula pamkono uku akuiimbira pansipansi.

"Ababa, mukutani?"

"Ndikuyeserera, mwanawe. Iwe ndinakunyamula kalekale, mkono unaiwala. Mdzukulu wanga woyamba asadzandione ngati mlendo."

Mzime anaseka mpaka kugwira tebulo. Koma atayandikira n'kuona nkhope ya bambo ake, kuseka kunathera pomwepo.

"Ababa, disolo likutuluka mafinya."

"Ndi fumbi lamumsewu limeneli."

"Si fumbi ayi. Ndipo ndinene lero, musadzati sindinanene. Ndi diso limeneli, ndi manja ogwiragwira pamenepowa, mwana wanga simumunyamula. Maso a khanda sachedwa kutenga matenda. Muzidzamuonera pakhomo."

A Mawotchi anaika wotchi ija pansi pang'onopang'ono. Mawuwo anawapweteka kwambiri, makamaka chifukwa ankamudziwa mwana wawo. Anatengera mayi ake, akanena wanena.

M'mawa mwake anavala jekete n'kupita kuchipatala cha maso. Chipinda cha maso opanga chinali kumapeto kwa khonde, ndipo munali mayi wina wamfupi, wa magalasi olendewera pakhosi, amene anthu ankangomutchula kuti adokotala a maso opanga. Tebulo lake linali la nyale yowala ndi tizitsulo toikidwa mwadongosolo. A Mawotchi ataliona mtima unakhala pansi pang'ono. Anaona kuti apeza mmisiri mnzawo.

Mayiyo anasamba m'manja ndi sopo nthawi yaitali, anavala magolovesi, n'kutulutsa disolo mwaulemu. Anayang'ana m'kati mwa chikope ndi katochi, kenako anatembenuza disolo pansi pa nyale.

"Bambo, mumalitsuka ndi chiyani limeneli?"

A Mawotchi anakonza jekete. Apa ndiye anafika pakwawo. Anafotokoza zonse, sipiriti, mankhwala a mano, kansalu, kasanu patsiku, akudikira kuti awayamikire.

"Kasanu?" anatero adokotala, atagwira pakamwa. "Inu mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimakonza mawotchi. Galasi ndimalidziwa ine."

"Ndiye vuto lili pomwepo, chifukwa ili si galasi, ndi pulasitiki. Ndipo wotchi imakhala padzanja, ili limakhala m'thupi mwanu. Kagalasi kanu kokulitsira zinthu mwayenda nako?"

Funso lake! A Mawotchi akanatha kuiwala nsapato koma osati kagalasiko. Anakatulutsa m'thumba, anakapana padiso labwinolo, n'kuwerama pansi pa nyale.

Zimene anaona sanaziyembekezere. Diso lomwe ankaliona lowala lija linali lokalikakalika ponseponse, timizere topingasana ngati pansi pa poto wakale, ndipo m'mphepete munali timing'alu ting'onoting'ono mokhala zinthu zotuwa. Kasitomala akanabwera ndi galasi lotere, akanamufunsa kuti ndani wakuonongerani.

"Timizereto ndi mankhwala a mano," anatero adokotala. "Timing'aluto ndi sipiriti. Zotuwazo ndi nyumba za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mwatimangira nokha. Mukaphethira, diso limakanda chikope m'kati ngati sandipepa, tizilombo n'kupeza polowera. Ndiye mumalitulutsa kasanu ndi manja ogwira mawotchi a anthu, thukuta la tauni yonse."

A Mawotchi anachotsa kagalasi kaja. Manyazi anawagwira mpaka makutu kutentha. Zaka zitatu akudzipweteka okha, uku akudzitcha katswiri!

"Ndiye ndachedwa?" anafunsa motsitsa mawu. "Mdzukulu wanga akubwera masiku omwe ano. Andiletsa kumunyamula."

"Amene wakuletsaniyo ali ndi nzeru. Koma simunachedwe. Timing'aluti sitinalowe kwambiri, ndilipolisha ndi makina anga. Litsale kuno sabata imodzi kuti m'katimo mupole. Ndikuikani kapulasitiki koyera kosunga malo, ndipo muzidonthezera mankhwala awa kanayi patsiku, pa nthawi yake. Mukwanitsa kusunga nthawi?"

Apa pokha a Mawotchi anaseka. "Mayi, mwandinyoza kokwanira lero. Chimenechi chokha musandilande."

Ndipo anaisungadi nthawi, mumsewu monse n'kudziwa. Anatchera mawotchi onse a alamu a makasitomala amene anali mushopumo, asanu ndi awiri, kuti azilira pamodzi. Ikakwana nthawi ya mankhwala kunkamveka chiphokoso pansi pa masitepe, wometa tsitsi n'kukuwa ali kwawo komweko, "A Mawotchi, dontho!" Iwo n'kupita pampopi kukasamba m'manja ndi sopo, kupukuta ndi thaulo loyera, kenako dontho. Botolo la sipiriti analibweza kwa eni ake, makina.

Mwana sanadikire sabata ithe. Anabadwa tsiku lachitatu, wamkazi, ndipo tsiku lotsatira anamutulutsa kupita kunyumba kwa agogo ake, kumene mzime anakonza zokhala masiku oyamba. Akazi awo anamunyamula. Mkamwini anamunyamula. Ngakhale aneba, amene sankamudziwa n'komwe mwanayo mpaka dzulo lake, anasamba m'manja n'kumunyamula. A Mawotchi anaima pakhomo la chipinda, manja kumbuyo, akusuzumira. Ankangoona kachipewa ndi kadzanja kofumbata.

"Ababa, masiku atatu okha," anatero mzime, ndipo mawu ake anali ofewa tsopano.

"Awiri ndi theka," anamukonza. Anamwetulira, koma mtima unkawawa. M'moyo mwawo anakonza mawotchi ochedwa ambirimbiri, koma nthawi yochedwa chonchi anali asanaione.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafika kuchipatala chitseko chisanatsegulidwe. Adokotala anayang'ana m'kati mwa chikope n'kugwedeza mutu mokhutira. Kufiira kunatha, manthongo kulibe. Kenako anatsegula kabokosi, a Mawotchi n'kutulutsa kagalasi kawo osauzidwa. Anatembenuza disolo uku ndi uku, kufunafuna kamzere ngakhale kamodzi kuti apezeko ponena. Sanakapeze.

"Ntchito yabwino," anatero, ndipo mawu amenewo sankawapereka wamba.

"Ndiye mverani, mmisiri mnzanga," anatero adokotala. "Musambe m'manja kaye. Yalani thaulo pansi kuti likapulumuka lisakalike. Madzi ofunda, sopo wamba wopanda fungo, kutikita ndi zala basi. Mulitsukuluze mpaka sopo yense achoke, n'kulibwezera lili lonyowa. Ndipo si tsiku lililonse. Ngati silikuvutani, kamodzi pamwezi kwakwana. Mukafuna kupukuta, muzitseka chikope n'kupukuta molowera kumphuno, chifukwa mukapukutira kunja likhoza kutuluka. Chaka chamawa mubwere nalo."

"Kamodzi pamwezi," anabwereza a Mawotchi ngati munthu amene amuuza kuti azisamba kamodzi pachaka. Pepala latsopano la malangizo analitenga, ndipo ulendo uno analiika m'thumba la pachifuwa.

Kunyumba anapeza khoti likuwadikira pabalaza. Mzime anawaimika pawindo, anawayang'ana diso lija, n'kuwatembenuzira kwa mayi ake kuti nawonso aone. Kenako anawalozera kubafa. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, kawiri, popanda wowauza kuti abwereze.

"Khalani pampando, Ababa."

Anakhala. Mzime anawaikira kamtolo kofunda pamkono, ndipo zonse zimene anayeserera ndi wotchi yapakhoma zinawathawa. Wotchi sinkapuma. Mwanayu ankapuma, kachifuwa kakukwera ndi kutsika, ndipo kupyola m'nsalu yomufunditsa ankamva kamtima kakugunda mofulumira, bwinobwino, kosaphonya. Khandalo linatsegula maso, awiri, oyera mbee, n'kuwayang'ana agogo ake ngati likufunsa kuti anali kuti masiku onsewa.

A Mawotchi anasangalala mpaka kulira. Misozi inatsika patsaya lakumanja, ndipo mzime anaona kuti kumanzere nakonso ikutsika, chifukwa madokotala diso anachotsa koma njira ya misozi anaisiya.

"Amama, taonani, onse awiri akulira!"

A Mawotchi anayamba kukweza phewa kuti apukute, koma akazi awo anafika kale ndi kansalu koyera.

"Musagwedezeke, a Mawotchi, manja anu ali ndi ntchito," anatero. "Tsekani chikope. Molowera kumphuno, eti? Lingagwere mwana."

Anawapukuta pang'onopang'ono, iwo ali phee, mdzukulu ali pamkono.